Kompyuta ikuti firiji ili bwino, koma a Pensulo akukana kusaina

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, ndipo ndimagwira ntchito m'nyumba yosungiramo mankhwala, momwe zipatala zing'onozing'ono zimadzatenga katundu wawo. Ndalembera inu osati wina chifukwa munanenapo patsamba lino kuti munaphunzitsa masamu zaka zambiri musanayambe uphungu. Nkhani yangayi ili ndi manambala mkati mwake, koma chondisowetsa mtendere ndi munthu.

Ndiyambe ndi zabwino, chifukwa zilipo. Chaka chino ndinayamba maphunziro a Loweruka, ophunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, aja asayansi amawerengetsera zinthu. Tsiku loyamba ndinali ngati nkhuku yachilendo. Anzanga ambiri m'kalasimo ndi ana a zaka 20, ndipo ine ndinkasaka zilembo ndi chala chimodzi iwo atamaliza kalekale. Aphunzitsi athu tinawapatsa dzina loti a Yesaninso, chifukwa ukawaonetsa ntchito yolakwika sakuuza yankho, amangomwetulira n'kukuuza mawu amodzi omwewo.

Tinayamba ndi kujambula magalafu: mvula ya chaka chonse, kutalika kwa mbande sabata ndi sabata, zotero. Nditaona koyamba manambala 365 akusanduka mzere wokwera ndi kutsika, ndinaseka ndekha ngati wopenga. Kenako tinafika pa phunziro limene ine ndimalitcha kusefa. Umafunsa kompyuta funso, iyo imayang'ana nambala iliyonse payokha n'kuiika chizindikiro, zoona kapena zabodza, kenako imakupatsa zoona zokhazokha. Apa mpomwe mutu wanga unatseguka. A Yesaninso anatiuza kuti tisankhe masiku amene kutentha kunali pakati pa madigiri 20 ndi 25, ndipo anati, "Kachizindikiro aka, &, muzikawerenga kuti 'ndi'." Kutenthako ndinakutcha t, n'kulemba t > 20 & t < 25, ndipo ndinamaliza anawo asanamalize. Kuyambira tsiku limenelo amabwera kudzafunsa kwa ine, mpaka amandiitana kuti Anti Sefa. Bambo akunyumba nawo amati, "Pang'ono pang'ono tidzasefedwa ndife muno."

Sindikudzitama, Aphungu, koma zinthuzi ndikuzitha.

Tsopano za kuntchito. Kumapeto kwa khonde lathu kuli chipinda chozizira, momwe muli mafiriji anayi ondanda kukhoma. Umo ndi momwe timasunga katemera, ndipo lamulo lake ndi limodzi: asazizire kutsika pa madigiri 2, asafunde kupitirira madigiri 8. M'firiji iliyonse muli kamakina kamene kamalemba kuzizira kwake theka la ola lililonse. Ine ndisanayambe sukuluyi, mafayilo a timakinato ankangowunjikana m'kompyuta ya muofesi, palibe ankawatsegula.

Woyang'anira chipindachi ndi bambo wina wa zaka 58 amene tonse timamutcha a Pensulo, chifukwa pensulo sichoka kukhutu kwawo, ngakhale pa maliro. Iwo ali ndi njira yawo. Pachitseko cha firiji iliyonse anamatapo pepala, ndipo 8 koloko m'mawa ndi 4 koloko masana amayang'ana choyezera chawo chakale n'kulemba nambala. Ndiwo anandilandira pantchito pano. Anandiphunzitsa kuwerenga masiku othera mphamvu a mankhwala, ndipo mwana wanga atadwala anandigwirira ntchito masiku atatu osadandaula. Ndimawalemekeza ngati bambo anga.

Sabata yathayi zinthu zinavuta. Mabokosi 40 a katemera a m'firiji yachitatu amayenera kupita kuzipatala khumi ndi chimodzi. Kuti atuluke pafunika anthu awiri asaine, abwana ndi woyang'anira chipinda chozizira. A Pensulo anakana. Anati, "Firiji imeneyi yayamba chibwana. Masiku asanu ndinaipeza m'mawa ili pa 1 kapena pa 0, ndipo masana awiri, magetsi atavuta, inafika pa 11. Katundu ameneyu ayambe amuona odziwa."

Abwana anapsa mtima. Mafoni ochokera kuzipatala anali atawatopetsa kale. Anati, "Choyezera chanucho chinagulidwa ine ndili kusukulu. Ndiimitse galimoto chifukwa cha pensulo?"

Apa ndinakweza dzanja n'kunena kuti, "Bwana, mundipatse ola limodzi, kompyuta itiweruza."

Ndinatsegula fayilo ya firiji yachitatu ya mwezi wonse, manambala 1,440. Ndinatenga mzere wanga uja wa m'kalasi, ndipo popeza tsopano ndimafuna zakunja kwa malire osati zamkati, ndinangoika 2 ndi 8 n'kutembenuza timilomo tija tosonyeza kuchepa ndi kupitirira. Ndikukulemberani momwe ndinalembera, kuti muone kuti sindikulota:

t[t < 2 & t > 8]

Kuuwerenga kwake n'kosavuta: ndipatse manambala ochepera 2 ndi opitirira 8. Kompyuta sinadandaule, sinalembe zofiira ngati mmene imachitira ukalakwitsa. Inangoyankha kuti palibe. Ndinabwereza katatu, yankho lomwelo. Ndinaiuza ijambule galafu ya zimene yasefazo, ndipo inatuluka yoyera mbee, mizere ya m'mbali yokha, popanda ngakhale kadontho.

Ndinaisindikiza n'kupita nayo kumsonkhano wa Lachisanu. Munali anthu asanu ndi atatu. A Pensulo anavala magalasi, analitembenuza pepalalo kuseri ngati kuti zolemba zabisala kumeneko, kenako anati, "Mwanawe, pepala ili palibe chimene lanena."

Ine ndinati, "N'chimene likunena, bambo. Palibe vuto."

Anthu anaseka. Ndipo apa ndivomere, lilime linanditerera. Ndinawonjezera kuti tsabola wakale sawawa. Kuseka kunakula, koma iwo sanaseke. Anavula magalasi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Maso angawa anaona 0. Sindisaina."

Abwana awapatsa mpaka Lachisanu likubwerali 12 koloko. Akapanda kusaina alandira kalata yochenjeza, achotsedwa m'chipinda chozizira n'kukaikidwa pachipata kuti aziwerenga makatoni olowa. Makiyi adzapatsa ine, ndipo mabokosi aja ndidzasainira ndine. Padakali pano a Pensulo awasamutsira m'firiji yoyamba n'kuwamata pepala loti asatuluke. Amandipatsabe moni, koma moni wake ndi wa pamsewu. Tiyi amamwera kukhonde okha.

Aphungu, mtima ukundiwawa, koma ndikudziwa kuti ndikulondola. Kamakina kamayang'ana firiji ka 48 patsiku, iwo kawiri, ndi maso a zaka 58 ndi choyezera chotha ntchito. Sindikufuna kuwalanda mpando, ndikufuna asaine zinthu ziyende, ana akalandire katemera. Ndiwalankhule bwanji kuti avomereze kuti nthawi yasintha, popanda kuwachititsanso manyazi? Ndipo akakanabe, makiyiwo ndilandire?

Ine wanu,
E. K., wa kosungira mankhwala

*

Mayi E. K.,

Kalata yanu inandipeza Lolemba, ndipo ndaidumphitsa mzere wa makalata ena kuti ituluke Lachisanu lanulo lisanafike. Ndiyambe ndi kukuvulirani chipewa. Mayi wapabanja, wapantchito, kukakhala pabenchi Loweruka ndi ana a zaka 20 mpaka kuwapitirira, si masewera. Zoti mukuzitha ndikukhulupirira. Ndipo mwachita bwino kwambiri kundilembera mzerewo momwe uliri, chifukwa mukanangondiuza kuti kompyuta yakana, bwenzi lero ndikukuphunzitsani mawu onyengerera nkhalamba.

Musasaine. A Pensulo musawanyengerere kuti asaine. Mzere wanuwo ndi wolakwika.

Ine mapulogalamu anuwo sindiwadziwa kwenikweni, koma kachizindikiro ako ndinakaphunzitsa pabolodi zaka zambiri, ndipo ndafunsanso mnzanga amene amagwira ntchito zoterezi kuti ndisakunamizeni. Tachitani izi musanapitirize kuwerenga: nditchulireni nambala imodzi yokha yochepera 2 imenenso ili yopitirira 8. Ganizani bwinobwino, ine ndidikira. Palibe, eti? Siinabadwe, ndipo siidzabadwa. Koma imeneyo ndi imene munatuma kompyuta kuti ikakusakireni.

Amene akupusitsani ndi mawu aang'onowa, "ndi". Ine ndikalowa m'kalasi n'kunena kuti, "Atsikana ndi anyamata, imirirani," kalasi yonse imaimirira, chifukwa anthu timamvana. Kompyuta siimva choncho. Inu nomwe mwanena kuti imayang'ana nambala iliyonse payokha. Ndiye iyo ikanapita kwa mwana mmodzimmodzi n'kumufunsa kuti, "Kodi ndiwe mtsikana, ndiponso ndiwe mnyamata?" Aliyense akanakana, ndipo iyo ikanabwera kudzandiuza mwaulemu kuti m'kalasi mulibe munthu. Ndi mmene zinayendera ndi firiji yanu. Inapeza 0, inafunsa ngati ndi yochepera 2, inde, ngati ndi yopitirira 8, ayi, n'kuitaya. Inapeza 11, chimodzimodzi. Ngati manambala amenewo alimo, inawaona onse, ndipo inawataya chifukwa inu munailamula kutero.

M'kalasi muja zinakuyenderani chifukwa 22 akhoza kupitirira 20 n'kukhalanso wochepera 25 nthawi imodzi. Zamkati mwa malire zimafuna "ndi". Zakunja zimafuna "kapena", kamzere koima aka, |. Inu munatembenuza timilomo koma "ndi" munamusiya pomwepo. Mzere woyenera ndi t[t < 2 | t > 8]. Kusiyana kwake ndi batani limodzi basi.

Choncho a Pensulo ananena zoona zenizeni pamene anati pepala lanulo palibe chimene lanena. Firijiyo ikanayaka moto mwezi wonse, galafu yanu ikanatulukabe yoyera mbee.

Mundimvetse bwino pamenepa. Sindikunena kuti firiji ndi yowonongeka, sindinaione. Mwina choyezera chawo chikunamadi. Chimene ndikunena n'chakuti mpaka lero munthu amene wayang'ana firiji imeneyo ndi mmodzi yekha, ndipo si inu.

Mawa m'mawa, musanamwe tiyi, tsegulani fayilo ija n'kujambula manambala onse 1,440, osasefa kanthu. Nthawi ikhale mmunsi, madigiri m'mbali, ndipo mudule mizere iwiri yopingasa, wina pa 2 wina pa 8. Kenako ingoyang'anani ndi maso. Ngati mzere ukulumpha mpanda, muuona mwana wa sitandade 4 asanakuuzeni. Muonenso ngati pali mipata imene kamakina sikanalembe kanthu, chifukwa kamakina nako kamagona. Ichi chikhale chizolowezi chanu moyo wonse: kujambula kaye zonse, kusefa pambuyo. Munasangalala ndi kusefa mpaka munaiwala phunziro loyamba lija limene linakuseketsani nokha.

Mukatero, yesani sefa yanu pa manambala amene yankho lake mukulidziwa kale. Lembani atatu okha, 1, 5 ndi 9. Sefa yabwino ikubwezerani 1 ndi 9. Yesaninso mzere wakale uja pa manambala omwewa, muone ndi maso anu ukukana kuti palibe, 1 ndi 9 ali pomwepo. Zitenga mphindi imodzi, ndipo ndikufuna muzichite ndithu, kuti musakhulupirire ine monga munakhulupirira kompyuta. Mukakhutira, sefani mwezi wonse ndi "kapena", ndipo muiuze ikupatseni masiku ndi maola amene manambalawo anatuluka m'malire, komanso kuti anakhala kunjako nthawi yaitali bwanji. Odziwa za katemera adzafuna zimenezo kuti agamule ngati katunduyo ali bwino. Kugamulako si kwa inu, si kwa ine, ndipo si kwa abwana okha. Mabokosiwo akhale pomwe a Pensulo awaika mpaka odziwawo atalankhula.

Tsopano chovuta, chimene kulibe batani lake. Musayambire kwa abwana. Yambirani kukhonde kumene a Pensulo akumwera tiyi okha. Musazungulire ndi zoti makina anasokonezeka, chifukwa makina sanasokonezeke. Muwauze kuti, "Bambo, ndinalakwitsa ine, ndipo ndinakunyozani pagulu." Kenako muwapemphe abwere ndi pepala lawo la pachitseko, mukhale pansi awiri, muike masiku awo asanu aja ndi masana awiri aja pambali pa galafu yanu. Zikagwirizana, muli ndi mboni ziwiri zosauzana, ndipo palibe bwana angatsutse zimenezo. Zikapanda kugwirizana, ndiye kuti chimodzi mwa zoyezerazo chikunama, ndipo mufufuze limodzi kuti n'chiti. Muzochitika zonse ziwirizi pepala loyera lija lichoke patebulo la abwana Lachisanu lisanakwane.

Kwa abwana mupite nawo limodzi, koma wolankhula mukhale inu. Adzakwiya, musadabwe. Anakhulupirira pepala lanu chifukwa linanena zimene ankafuna kumva, ndipo nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Zipatala zidzaimbabe mafoni, galimoto idzachedwabe. Muwauze kuti mwabwera nokha kudzaulula vutolo katundu asanatuluke pachipata, chifukwa zoona zake n'zimenezo, ndipo bwana wanzeru amasunga munthu wotero. Ndipo popeza za tsabola zija munazinena pamaso pa anthu asanu ndi atatu, kupepesa kwa kukhonde sikukwanira. Pamsonkhano wotsatira muimirire pamaso pa anthu omwewo. Mawu awiri atatu akwana, simukufunika kulira.

Za makiyi, ayi, musalandire. Osati chifukwa simungathe, koma chifukwa akuchoka m'dzanja la munthu amene akulangidwa chifukwa chogwira ntchito yake. Tsiku lina adzakupatsani okha ndi manja awiri. Pakadali pano muwapemphe abwana kuti Lolemba lililonse muzisindikiza galafu ya firiji iliyonse n'kuimata pafupi ndi pepala la a Pensulo. Kamakina kamaona usiku pomwe iwo ali kunyumba, iwo amaona chitseko chosatsekeka bwino chimene kamakina sikangakuuzeni. Mukadzawapatsa mpando pafupi ndi kompyuta, musadzadabwe akadzakufunsani mafunso oposa a ana a m'kalasi mwanu.

Sukuluyo musasiye, ndipo manyazi asakubwezeni m'mbuyo. Cholakwa chimenechi ndinachichonga ndi inki yofiira m'makope a ana anzeru kwambiri, ndipo amene sanachichitepo ndi amene sanalembepo kanthu. Loweruka mukachilembe pabolodi anzanu onse akuona. Adzachikumbukira kuposa phunziro lililonse la chaka chino.

Chenjezo langa ndi ili. Kompyuta ikalemba zofiira musamaope, imeneyo ikukuthandizani. Muziopa tsiku limene yakhala chete n'kukupatsani yankho lokoma, limene inu mukulifuna, abwana akulifuna, dalaivala amene waliza kale galimoto akulifuna. Iyo imachita zimene mwalemba, osati zimene mumatanthauza, ndipo papepala lotulutsira katundu palibe malo oti isainepo. Mukanasaina inu, mabokosi 40 akanapita kuzipatala khumi ndi chimodzi, ndipo amayi akanabwerera kwawo ndi ana kumsana akukhulupirira kuti atetezedwa. Pakati pa mabokosiwo ndi chipata panaima munthu mmodzi yekha, anthu asanu ndi awiri akumuseka. Lachisanu 12 koloko asadzaime yekha.

Aphungu